Basi Yakale M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: Phunziro la Kukonzekera ndi Kukhulupirira

Malemba owerenga: Luka 14:28-30; Mateyu 25:1-13; Mateyu 4:5-7; Nehemiya 4:7-9; Miyambo 22:3; Mateyu 12:9-13.

Mawu otsogolera

Mwezi wa Ogasiti ukafika, misewu ya m'dziko muno imadzaza ndi a Adventist opita ku misonkhano ya misasa. Makwaya, achinyamata, amayi a Dorika ndi akulu a mipingo amakwera malole, maminibasi ndi mabasi amene ena mwa iwo ndi aakulu kuposa ife pobadwa. Tisananyamuke timapemphera, ndipo timachita bwino. Koma ndi angati mwa ife amene amadziwa ngati basi imene tikuipemphererayo ili ndi mabuleki?

Phunziro lino lachokera pa ulendo umene ife a kwaya, anthu 26, tinayenda kuchoka ku Ntcheu kupita ku msonkhano wa misasa kumapiri a Ntchisi, mtunda woposa makilomita 200. Basi yathu inatima katatu tsiku limodzi la Chisanu, ndipo kumsonkhanoko sitinafike. Tikulemba kuti amene adzayende pambuyo pathu adziwe zomwe zimachitika m'kati mwa galimoto yakale ikakumana ndi phiri, komanso kuti tikambirane funso limene linatigawanitsa madzulo a tsiku limenelo: kodi kuima panjira chifukwa choopa ngozi ndi kusowa chikhulupiriro?

1. Nyumba yoyenda

Basi imene tinabwereka kwa m'bale wina wa mumpingo inali Toyota Coaster, zija timangozitcha makosita. Kampani ya Toyota inayamba kupanga mabasi a dzina limeneli mu 1969, ndipo ambiri amene amafika kuno amakhala atagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan. Yathuyo inali ya m'zaka za m'ma 1990, ya injini ya dizilo ya masilinda asanu ndi imodzi. Ku Australia anthu amagula makosita akale ngati amenewa, nkuchotsa mipando, nkuikamo bedi, sitovu ndi thanki ya madzi, nkumayenda nawo miyezi. Enafe tinawaonapo alendo a magalimoto otere akudutsa pa M1 kapena atamanga msasa m'mbali mwa nyanja.

Yathunso inali nyumba yoyenda, koma yachimalawi. Mipando ya kumbuyo tinaikwirira ndi matiresi, mphasa, matumba awiri a ufa, thumba la nyemba, makala, mbaula, mapoto aakulu, jenereta, zokuzira mawu ndi zikwama. Zimene zinakana kulowa tinazimanga padenga. Palibe anafunsa kuti zonsezi zikulemera bwanji. Tinawerenga mitu ya anthu, tinaona kuti aliyense wapeza pokhala, tinati zatheka.

Apa ndi pamene vuto loyamba linayambira. Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene opanga anaiyikira. Ukapyola malirewo, injini imavutika pokwera, mabuleki amavutika potsika, matayala amatentha, ndipo katundu wa padenga amapangitsa basi kupendama pamakona. Pamsewu wosalala wa phula zimenezi sizioneka msanga. Phiri ndi limene limaulula.

2. Zimene tinadumpha Lachinayi

Werengani Luka 14:28-30. Yesu akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kukhala pansi kaye ndi kuwerengera ngati adzatha kuimaliza. Ife tinawerengera ndalama za mafuta ndi za chakudya. Za basi yeniyeniyo sitinawerengere.

Adalaivala athu, bambo achikulire amene ayendetsa mabasi kuyambira ife tisanabadwe, anapempha Lachitatu kuti basi ikaonedwe kugalaja tsiku lotsatira. Komiti yathu inaona kuti ndalama zachepa. Tinati basi ili ndi mapepala onse, inayenda bwino sabata yatha, ipita. Tinagwirizananso zonyamuka 6 koloko m'mawa wa Lachisanu, koma chifukwa cha kudikirana ndi kumanga katundu tinanyamuka 10 koloko itadutsa. Tisanafike n'komwe ku Dedza tinali titadya kale maola anayi a tsiku lokonzekera Sabata.

Zimene zikanaonedwa Lachinayi si zamatsenga, ndipo wophunzira aliyense angathe kuziona pa theka la ola basi itaima pamalo osalala, injini ili yozizira. Oyilo wa injini akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pakamtengo koyezera. Madzi a mu redieta akhale odzaza, ndipo labala ya pachitsekerero chake ikhale yosang'ambika. Fanibeluti ukaidinikiza ndi chala chachikulu pakati, isalowe kuposa sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mafuta a mabuleki akhale pamwamba pa mzere wa MIN, ndipo ngati atsika, funso likhale lakuti apita kuti. Suzumirani kuseri kwa wilo lililonse ngati kuli konyowa. Onani mphepo ya m'matayala onse, ndi la sipeya lomwe. Mitu ya mabatire ikhale yothina, yopanda zoyerayera zija. Potsiriza onani pansi pamene basi inagona usiku: dontho lililonse lili ndi kumene lachokera.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife adalaivala anachita kutiuza osafunsidwa, koma sitinamve.

3. Kuima koyamba: injini yawira

Titadutsa Lilongwe ndi Lumbadzi tinapatuka pa M1 kulowera ku Dowa, chifukwa anzathu awiri ankatidikira kumeneko. Njira yophweka yopita ku Ntchisi ndi yodzera pa Mponela, koma ife tinaganiza kuti tikatenga anzathuwo tidzadula m'misewu ya fumbi ya m'mapiri. Tinadutsa pa Dzaleka, pamene pakhala msasa wa anthu othawa kwawo kuyambira 1994. Titachoka pa boma la Dowa, pa mtunda wina wautali, kamuvi ka pageji ya kutentha kanayamba kukwera kulowera kofiira, ndipo m'basi munamveka fungo la madzi otentha.

N'chifukwa chiyani injini imawira kwambiri kumapiri? Zifukwa zake n'zimene tinaphunzira ku sekondale. Pokwera mtunda injini imawotcha mafuta ambiri, koma basi imayenda pang'onopang'ono, choncho mphepo yodutsa mu redieta imachepa. Chachiwiri, pamalo okwera mpweya ndi wopyapyala. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mapiri ambiri a Dowa ndi Ntchisi amapyola mamita 1,200. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene yakwera. Chachitatu, madzi amene amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 95 okha pamalo okwera mamita 1,500. Chimene chimateteza injini ndi chitsekerero cha redieta, chomwe chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka atafika cha m'ma madigiri 120. Labala ya chitsekererocho ikatha, chitetezo chimenechi chimathanso.

Adalaivala anapatukira pambali, koma sanazimitse injini nthawi yomweyo. Anailola kulira pang'onopang'ono mphindi zingapo kuti madzi apitirize kuzungulira, kenako anazimitsa. Anatiuza kuti zikanakhala kuti nthunzi ikutuluka mwamphamvu kapena fanibeluti yaduka, akanazimitsa pompopompo. Mnyamata wina anathamanga ndi chigubu cha madzi, dzanja lili kale pa chitsekerero.

"Mwanawe, chotsa dzanja pamenepo! Ukufuna nkhope imeneyi ikayimbe kuchipatala?" anatero adalaivala.

Madzi opanikizidwa aja ukawatsegulira akadali otentha amasanduka nthunzi nthawi yomweyo nkukuthira kumaso. Ndipo madzi ozizira ukawathira mu injini yotentha kwambiri, mutu wa injini ungathe kung'aluka, zomwe mtengo wake ndi woposa ulendo wonse. Tinadikira mphindi 40. Kenako anaphimba chitsekerero ndi nsanza yochindikala, nkutsegula pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka.

Anapeza zinthu zitatu. Fanibeluti inali yokhwefuka, moti inkangotsetsereka osazunguza bwino fani ndi mpope wa madzi. Kutsogolo kwa redieta kunali kotsekeka ndi fumbi, udzu ndi tizilombo takufa. Labala ya chitsekerero inali yong'ambika. Anamanga beluti ndi sipanala, ife tinatsuka redieta ndi madzi a pamjigo wa pafupi, ndipo anathira madzi pang'onopang'ono injini ikulira. Asanatseke anatiitana kuti tione zinthu ziwiri: ngati m'madzimo mukutuluka thovu losalekeza, ndi ngati oyilo wasanduka woyera ngati tiyi wamkaka. Zizindikiro zimenezi zikaoneka ndiye kuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa, ndipo ulendo wathera pomwepo. Sizinaoneke. Tinaimba nyimbo nkunyamuka, ola limodzi litapita.

4. Kuima kwachiwiri: injini yazima

Cha m'ma 3 koloko, tili m'msewu wa fumbi, basi inayamba kutsamwa. Imati ikoke, ifooke, ikoke, ifooke, kenako pa kamtunda kena inangozima. M'basi aliyense anasanduka makaniko. Wina anati batire, wina anati injini yafa chifukwa cha kuwira kuja, wina anati tikankhe. Mmodzi anati ndi mdierekezi amene sakufuna kuti tikatumikire.

Chimene tinaphunzira apa n'chofunika kwa aliyense wophunzira zauphunzitsi. Adalaivala sanayambe ndi sipanala. Anayamba ndi mafunso, limodzi limodzi, kuchokera pa chophweka kupita pa chovuta.

Funso loyamba: kodi sitata ikuzunguza injini? Anatembenuza kiyi, injini inazungulira mwamphamvu. Ndiye kuti mabatire alibe mlandu. Batire likafooka umangomva kuti tha tha tha, magetsi a padashibodi nkuzilala.

Funso lachiwiri: yazima bwanji? Vuto la magetsi kawirikawiri limazimitsa injini kamodzi, ngati wazimitsa nyali. Yathu inayamba yatsamwa. Kutsamwa kotere kumaloza ku mafuta.

Funso lachitatu: kodi mpweya ukulowa? Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndiye dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Choncho imafuna zinthu zitatu: mpweya, dizilo woyera, ndi kupanikiza kokwanira. Anatulutsa fyuluta ya mpweya nkuigwedeza, fumbi linatuluka, koma sinali yotsekeka. Anatikumbutsanso kuti utsi umalankhula: wakuda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, wabuluu ndi oyilo amene akupsa, woyera ndi madzi kapena dizilo amene sakuyaka bwino.

Funso lachinayi: kodi dizilo amene akufika ndi wotani? Apa msungichuma wathu anayang'ana pansi. Popeza pamalo omwetsera mafuta pamene tinaima panali mzere wautali ndipo tinali titachedwa, tinagula malita 20 a m'chigubu kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Adalaivala anamasula kotsekera ka pansi pa fyuluta ya dizilo nkutchera botolo. Zimene zinatuluka zinagawikana pawiri: pamwamba dizilo, pansi madzi a dzimbiri ndi zinyalala. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, n'chifukwa chake amakhazikika pansi, ndipo opanga galimoto anaika kotsekerako pamenepo dala.

Mwamwayi bambowa ankayenda ndi fyuluta yatsopano m'bokosi lawo, yogula ndi ndalama zawo. Ataisintha panatsala kutulutsa mpweya umene unalowa m'mapaipi, zimene amakaniko amati kubulida. Anamasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya, mtsikana wina wa alto nkumapopa kampope ka pamwamba pa fyuluta mpaka thovu linatha, dizilo nkumatuluka yekhayekha. Anatichenjeza zinthu ziwiri: osaliza sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15 osaipumitsa, ndiponso osaika dzanja pa mapaipi opita ku mainjekita injini ikuzungulira, chifukwa dizilo wa mmenemo ali ndi mphamvu yoboola khungu. Kachitatu injini inalira.

Werengani Mateyu 25:1-13. Timadziwa kuti mafuta a m'fanizoli akuimira Mzimu Woyera, ndipo sitikufuna kulichepetsa kuti likhale nkhani ya dizilo. Koma taonani chimene chinasiyanitsa anamwali khumi aja. Onse anali ndi nyali, onse anaitanidwa, onse anawodzera. Asanu anaganizira zakuti mkwati angachedwe. Pa anthu onse amene tinali m'basi muja, amene anaganizira za kuchedwa ndi kuwonongeka anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene tinamukaniza ndalama ya galaja.

5. Kuima kwachitatu: mabuleki

Anthu ambiri amaopa mtunda. Madalaivala odziwa amaopa mtsetse. Tiyeni tiwerengere pang'ono monga tinkachitira mu Physics. Basi yolemera matani 5 ikatsika mamita 200, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi 5,000 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 200, zomwe ndi majulu 10 miliyoni. Kutentha kumeneku n'kokwanira kufikitsa powira malita 30 a madzi ozizira. Dalaivala akadalira phazi lokha, kutentha konseku kumathera m'mawilo anayi.

Zikatero pamachitika zinthu ziwiri. Mapadi ndi malainingi akatentha kwambiri amasiya kugwira, ndipo umaponda cholimba koma basi osaima. Kapena mafuta a mabuleki amawira. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 205, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba angathe kuwira pa madigiri 140. Akawira m'paipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, choncho chopondera chimangolowa mpaka pansi ngati waponda siponji. N'chifukwa chake lamulo la kumapiri ndi lakuti utsike ndi giya imene ukanakwerera, ugwiritse ntchito buleki ya ekizozi ngati ilipo, ndipo usayerekeze kuchotsa giya kuti upulumutse mafuta.

Adalaivala athu anachita zonsezi. Komabe cha m'ma 4:45, chakumapeto kwa mtsetse wina, tinawaona akuponda kawiri, katatu, mwendo ukulowa kwambiri. Sanalankhule. Anatsitsa giya, nkukoka handibuleki pang'onopang'ono, basi nkukaima pamalo osalala pafupi ndi sukulu ina ya pulaimale. Anauza anyamata kuti aike miyala kumawilo ndi matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anagona pansi nkusuzumira. Kuseri kwa wilo la kumbuyo la kumanzere kunali konyowa, mafuta akuyenderera pa tayala. Malabala a m'kasilinda ka buleki anali ataphulika, ndipo m'kabotolo ka mafuta munatsala pang'ono pansi.

Mabuleki otentha chabe ukawadikira amabwerera. Odontha sabwerera. Ukathira mafuta ena, ukaponda kangapo athanso.

Anthu a pamalopo anatiuza kuti kumsonkhano kwatsala makilomita ngati 18, ndipo pakati pali mtsetse wautali kuposa umene tinatsikawo, wothera pa kamlatho kopapatiza. Mu Ogasiti dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 5:40. Tinali ndi mphindi zosakwana 60.

6. Mkangano wa pansi pa mtengo

Tinagawikana, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi anthu okonda Mulungu. Ena anati tapirira kale kawiri, Mulungu watidutsitsa, sangatisiye pano. Tikupita ku ntchito yake, anthu akudikira kwaya yathu pa pulogalamu yotsegula Sabata, ndipo n'zosayenera kuti Sabata litipeze pamsewu. Tipemphere, tiyende pang'onopang'ono ndi giya yoyamba. Wina amene anaonapo amakaniko a kumudzi anati tingophwanya paipi ya wilo lodonthalo ndi pulayara kuti mafuta asamadutse, titsike ndi mawilo atatu.

Adalaivala anamvetsera mpaka onse atatha. Kenako anati, "Ana anga, basi ikanakhala yopanda anthu, ine ndekha, masana, mwina ndikanayesa kuisuntha kukafika pagalaja. Koma inu makolo anu anandipatsa amoyo. Kiyi ndi uyu, koma ine sinditsika nanu phiri ili."

Werengani Mateyu 4:5-7. Satana anatengera Yesu pamwamba pa kachisi nkumuuza kuti adziponye pansi, ndipo anagwiritsa ntchito lonjezo lenileni la m'Masalimo lonena za chitetezo cha angelo. Lonjezolo silinali labodza. Cholakwika chinali kudziika dala pangozi kuti Mulungu akakamizike kuchita chozizwitsa. Yesu anakutcha kuyesa Mulungu. Ngozi ikatipeza tili panjira ya ntchito yathu, timadalira malonjezo. Koma ife ngoziyo tinali titaiona ndi maso, mafuta akudontha, tili pamalo otetezeka. Kunyamuka kukanakhala kusankha ngoziyo.

Werenganinso Nehemiya 4:7-9. Adani ataopseza omanga linga la Yerusalemu, Nehemiya ndi anthu ake anapemphera, ndipo anaikanso alonda usana ndi usiku. Lemba silikuonetsa kuti alondawo anachepetsa pempherolo. Miyambo 22:3 imayamikira munthu amene amaona choipa chikubwera nkubisala, ndipo imanena kuti amene amangopitirira amalangidwa nacho. Pa Deuteronomo 22:8, Mulungu analamula womanga nyumba kuika kampanda padenga kuti munthu asagwe, ndipo ananena kuti mlandu wa magazi ukhala pa nyumbayo. Ndiye kuti kupewa ngozi ndi nkhani ya lamulo lachisanu ndi chimodzi, loletsa kupha.

Nanga za Sabata? Panali mfundo imene inatipweteka kuivomereza. Chimene chinachititsa kuti dzuwa litilowere panjira sichinali mabuleki. Anali maola anayi a m'mawa aja, galaja imene tinaikana, ndi chigubu cha dizilo chija. Lachisanu limatchedwa tsiku lokonzekera pa Luka 23:54, ndipo ife tinalikonzekera moperewera. Kuthamangira pamtsetse ndi miyoyo 27 sikukanakonza cholakwa chimenecho. Kukanangoonjezera china pamwamba pake. Mtsogoleri wathu wa achinyamata, amene poyamba anali mbali ya onyamuka, ndi amene anatseka nkhani. Anati, "Abale, Sabata silili kumsonkhano kokha. Lifika panonso."

Panabukanso funso lina: bwanji titume njinga yamoto usiku womwewo kapena Sabata m'mawa kukafuna makaniko? Tinawerenga Mateyu 12:9-13, pamene Yesu akunena za nkhosa yogwera m'dzenje pa Sabata. Tinagwirizana kuti pakanakhala wodwala wofunika kuchipatala, tikanafuna galimoto nthawi yomweyo popanda kukayika. Koma basi itaima bwinobwino, panalibenso moyo umene unali pangozi. Chimene chinatsala chinali pulogalamu yathu ndi manyazi athu. Zimenezo zinatha kudikira mpaka Lamlungu.

7. Sabata limene sitinalikonzekere

Awiri a ife anapita ndi adalaivala kukaonekera kwa amfumu. Amfumuwo anatilandira, nkutuma mwana kukaitana aphunzitsi aakulu a pasukulupo, amene anatitsegulira kalasi imodzi kuti atsikana agonemo. Anyamata anagona m'basi ndi adalaivala. Amayi a m'mudzimo anabweretsa madzi, nkhuni ndi mbatata, ndipo tinathamanga kuphika dzuwa lisanalowe. Usiku kumapiri a Ntchisi mu Ogasiti kumazizira, moti makatani a pasiteji amene tinanyamula anasanduka mabulangete.

Ambiri a m'mudzimo anali a CCAP, ndipo n'zosadabwitsa. Amishonale a Dutch Reformed Church anayamba ntchito yawo m'dziko muno pa Mvera, m'boma la Dowa, mu 1889, nkutsegulanso Kongwe mu 1894, zaka zingapo mpingo wathu usanayambe ntchito pa Malamulo mu 1902. Sanatifunse za tsiku limene timapembedza asanatipatse madzi. Ife amene tinanyamuka ngati opita kukapereka, tinayamba ndi kulandira.

Sabata m'mawa tinachita Sukulu ya Sabata pansi pa mitengo ya pasukulupo. Ana anabwera poyamba, kenako amayi, kenako abambo angapo amene anaima chapatali. Nyimbo zimene tinaphunzira miyezi itatu tinaziimba popanda zokuzira mawu. Masana gogo wina anatipempha kuti tikaimbire amuna ake amene sankatha kuyenda, ndipo tinapita.

Sitikufuna kunena kuti Mulungu anaphulitsa mabuleki kuti tikaimbe m'mudzi muja. Malabala anaphulika chifukwa anali akale ndipo sanaonedwe. Sitikufunanso kubisa zimene tinataya. Abale a kumsonkhano anakonza malo ndi chakudya cha anthu 26 amene sanafike. Pulogalamu yawo inasokonekera, ndipo ndalama zimene mipingo inasonkha sizinagwire ntchito imene anaperekera. Tinalemba kalata yopepesa. Chimene tinganene n'chakuti Mulungu sanatitaye pa cholakwa chathu.

Lamlungu m'mawa adalaivala anakwera njinga yamoto kupita pa boma la Ntchisi, nkubwera ndi makaniko, malabala atsopano, mafuta a mabuleki ndi chitsekerero cha redieta. Anatsuka malainingi amene ananyowa, nkunena kuti akasinthidwe tikangofika, chifukwa lainingi yomwa mafuta sigwiranso bwino. Anabulida mabuleki wilo ndi wilo, wina akupopa chopondera, wina akumasula kabawuti. Anayesa basi yopanda anthu kaye. Zonse pamodzi zinadya ndalama zoposa zimene adalaivala anapempha Lachitatu lija. Pobwerera tinadzera pa Mponela.

8. Kwa ife amene tidzakhale aphunzitsi

Maphunziro a Adventist amanena za mutu, mtima ndi manja. Buku la Ellen G. White lotchedwa Education, limene linatuluka mu 1903, limalimbikitsa kuti wophunzira aliyense adziwe ntchito ina ya manja. Timaloweza zimenezi polemba mayeso, koma pa anthu 26 a kukoleji, amene ankadziwa kuyeza oyilo anali atatu. Tonse tinakhoza Physics ya MSCE kapena tinaiphunzirako, koma palibe anagwirizanitsa phunziro la kuwira kwa madzi ndi chitsekerero cha redieta mpaka munthu amene sanafike Fomu 4 atationetsa.

Posachedwapa ife ndi amene tizidzasaina mapepala otenga ana a eni kupita nawo ku masewera, ku makampu a Pathfinder ndi ku maulendo okaona malo. Mphunzitsi safunika kukhala makaniko. Koma ayenera kudziwa mafunso oti afunse, kuwerenga anthu ndi katundu yemwe, kuika ndalama ya galaja mu bajeti isanafike ya zakumwa, kukonza nthawi yofika maola atatu dzuwa lisanalowe, ndi kuima kumbali ya dalaivala pamene gulu lonse likumukakamiza kuti apitirire. M'bokosi musasowe fanibeluti, fyuluta ya dizilo, botolo losatsegula la mafuta a mabuleki, oyilo, chigubu cha madzi, mafyuzi, waya, tochi, jeke yogwira ntchito, matirayango awiri, chozimitsira moto ndi bokosi la chithandizo choyamba.

Njira imene bambo aja anafufuzira vuto ndi yomweyo imene timaphunzitsidwa m'kalasi ya njira zophunzitsira: ona kaye, funsa, yesa chinthu chimodzi, ona zotsatira, kenako pita pa china. Mwana akalephera masamu, n'kosavuta kunena kuti ndi waulesi, monga mmene ife tinanenera kuti batire lafa. Mphunzitsi wodekha amayamba wafufuza ngati mwanayo akuona pabolodi, ngati wadya, ndi ngati anamvetsa phunziro la m'mbuyo.

Mafunso okambirana

1. Pa Mateyu 4:5-7 Satana anagwiritsa ntchito lemba lenileni. Tingazindikire bwanji pamene tikugwiritsa ntchito lonjezo la Mulungu pobisa kusakonzekera kwathu?

2. Mukanakhala pansi pa mtengo uja nthawi ya 4:45, mukanaima mbali iti? Perekani zifukwa za m'Baibulo, ndipo yesani kunena mwachilungamo mfundo yamphamvu ya mbali inayo.

3. Kodi gululi linachita bwino kudikira mpaka Lamlungu osafuna makaniko? N'chiyani chikanasintha yankho lanu?

4. Adalaivala anachenjeza Lachitatu koma sanamvedwe. M'makomiti athu a mpingo ndi a pasukulu, ndi anthu otani amene mawu awo timawapeputsa, ndipo n'chifukwa chiyani?

5. Anthu a mpingo wina anatisunga osafunsa kanthu. Alendo a chikhulupiriro china akanaima pakhomo pa tchalitchi chathu Lachisanu madzulo, tikanawalandira bwanji?

Zochita sabata ino

Gulu lililonse la phunziro lipemphe dalaivala mmodzi wa pasukulu kapena wa mumpingo kuti aliphunzitse kwa theka la ola kuona oyilo, madzi, fanibeluti, mafuta a mabuleki ndi matayala. Mlembi alembe mndandanda wa zoona ulendo usanayambe, ndipo upachikidwe m'chipinda cha achinyamata nyengo ya misasa isanafike. Potseka, pemphererani madalaivala amene amatinyamula, powatchula mayina awo.